Zolowa m'nyumba ndi mfuti za m'mafilimu zija, zimakhaladi choncho?

Funso lafika motere: "Ine ndimakonda mafilimu a action, makamaka pomwe asilikali kapena apolisi akulowa m'nyumba yomwe muli zigawenga, chipinda ndi chipinda, akupatsana zizindikiro ndi manja, wina kumenya chitseko wina kulowa. Zimaoneka zenizeni kwambiri. Kodi ndi mmene zimakhaliradi kapena amangotipusitsa?"

Akulu, ndiyankha motalikirako, mundipirire.

Ndiyambe ndi kuwayamikira a mafilimuwo chifukwa pali zomwe amakhoza. Mafilimu ambiri a masiku ano amalemba ganyu anthu omwe anagwirapodi ntchitoyi, asilikali opuma kapena apolisi akale, kuti aziwaphunzitsa ma akita kagwiridwe ka mfuti, kayendedwe, kaimidwe mondondozana pakhoma, kusintha magazini. Nde mukaona munthu akuyenda mawondo atapinda pang'ono, chala chili kunja kwa trigger, mfuti akuitsitsa mnzake akamadutsa kutsogolo kwake, zimenezo ndi zenizeni, ndipo ma akita ena amachita bwino kuposa anthu ena omwe ndawaphunzitsapo ine. Pomwe amatinamiza ndi pa nkhani yoti pakati pa wolowa ndi wodikira mkati, mwayi uli ndi ndani. Filimu imakuuzani kuti wolowayo ndiye mwini gemu. Koma mwini gemu weniweni ndi amene wakhala phee mkatimo mfuti ataloza pakhomo, olo atakhala mbuli yoti mfuti waigwira koyamba dzana.

Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa zimenezi m'nyumba zophunzirira, zija za matabwa zoti makoma ake umatha kuwasuntha, ndipo timagwiritsa ntchito zipolopolo za penti zomwe sizipha koma zimapweteka ndithu, zimasiya chipsera. Pali kasewero kena komwe ndimakonda kuchita tsiku lachitatu, anyamata akayamba kudzimva kuti afikapo. Ulendo wina ndinatenga mkulu wina yemwe ntchito yake inali yosamalira pamalopo, wachikulire, wa magalasi, sanawomberepo mfuti chibadwire. Ndinamukhazika pa mpando pa kona ya chipinda, kumupatsa pisitolo ya penti, ndikumuuza kuti bambo musachite china chilichonse, chitseko chikangotseguka inu muziwombera pakati pa khomolo basi. Timu ya anthu anayi, ophunzira bwino, othamanga, inalowa kasanu. Kasanu konseko woyamba kulowa anatuluka ali ndi penti pachifuwa kapena pakhosi, ndipo kawiri wachiwiri naye anadya. Mkulu uja ankamuwombera ndithu pamapeto pake, koma atagwetsa kale mmodzi kapena awiri. Ulendo wachisanu mnyamata wina anavula helemeti n'kuiponya pansi, akuti mudala ameneyu akubera. Sankabera, anangokhala pampando.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wodikira uja ali ndi malo amodzi okha oyang'ana, khomo, lomwe m'lifupi mwake silikwana olo mita imodzi, ndipo akudziwa kuti chilichonse chotulukira pamenepo ndi mdani. Wolowayo sakudziwa chipinda chikuoneka bwanji, sakudziwa kuti muli sofa pati, kabati pati, muli anthu angati, ndani ali ndi mfuti ndani wanyamula mwana, ndipo zonsezo ayenera kuziona, kuzimvetsa ndi kusankha chochita akuyenda. Ubongo wa munthu umatenga pafupifupi kota ya sekondi kuti ungoyankha chinthu chomwe umachiyembekezera kale, nde ukawonjezera zosankha kuti ndiwombere kapena ayi nthawiyo imakwera. Wodikirayo alibe chosankha, wasankha kale. N'chifukwa chake pa ntchitoyi khomo timalitcha fatal funnel, kutanthauza fanulo yomwe aliyense ayenera kudutsamo ndipo zipolopolo zonse zimathera momwemo. Chilichonse chomwe matimu enieni amachita, kaya ndi ma flashbang, timabomba tosokoneza munthu ndi kuwala komanso phokoso, kaya kuphulitsa khoma, kaya kubwera 3 koloko m'mawa anthu ali mtulo, cholinga chake ndi chimodzi, kumubera wodikira uja kanthawi kochepa kameneko.

Mabuku a ntchitoyi, yomwe ambiri amaitcha CQB, kutanthauza kumenyana pafupipafupi monga m'nyumba, amati kulowa mothamanga kumadalira zinthu zitatu: kudzidzimutsa, liwiro, ndi ukali woti mdani asapeze mpata woganiza. Choyambacho chikangosowa zinazo sizithandiza kwenikweni. Ku Waco, Texas, pa 28 February 1993, ma agent 76 a ATF, bungwe la boma la America loona za mfuti, anapita kukalowa malo a gulu lina lachipembedzo anthu a mkatimo atadziwa kale kuti akubwera, ndipo ma agent anayi anafera pompo, nkhani n'kusanduka yozinga malowo masiku 51. Ku Saint-Denis pafupi ndi Paris mu November 2015, apolisi a RAID, omwe ndi akatswiri enieni, anaika bomba pa chitseko cha flat ina koma chitsekocho sichinatseguke bwinobwino, kudzidzimutsa kunathera pomwepo, zinatsatira ndi kuwomberana kwa nthawi yaitali. M'filimu mumaona timu yawombera kale mfuti pansi, nyumba yonse yamva, koma akakwera pamwamba akunyang'amabe ndipo zigawenga za m'chipinda chachitatu zikusewerabe makadi ngati ndi agonthi. Apa ndiye ndimaseka.

Nde chinthu chachikulu chomwe filimu siingakuonetseni ndi ichi: matimu enieni amayesetsa kuti asalowe. Ngati munthu wadzitsekera m'nyumba yekha ndi mfuti, palibe yemwe wamugwira chikole, palibe chifukwa chotumizira bambo wa ana atatu pakhomo lija. Amazinga nyumba, amasamutsa oyandikana nawo, amadula magetsi mwina, amatenga chimkuzamawu kapena foni n'kuyamba kulankhula naye, maola asanu, khumi, tsiku lathunthu. Amaponya utsi wokhetsa misozi, amatumiza loboti kapena droni kukasuzumira, kenako galu. Munthu amalowa pamapeto penipeni, ndipo nthawi zambiri zimatha mwini wakeyo atatuluka yekha manja ali m'mwamba, watopa, ali ndi ludzu, akufuna kupita ku toileti. Ndani angalipire kuti akaonere maola naini a apolisi atatsamira galimoto?

Kuthamangira mkati kulipo, koma kuli ndi nthawi yake, pomwe anthu akuphedwa mkatimo ndipo sekondi iliyonse yodikira ndi maliro ena. Izi apolisi a ku America anaziphunzira mowawa pa sukulu ya Columbine mu April 1999, pomwe oyamba kufika anazinga n'kumadikira SWAT, gulu lapadera la apolisi, monga mmene anaphunzitsidwira, mphunzitsi wina n'kumataya magazi mkatimo kwa maola mpaka kufa. Kuchokera pamenepo lamulo linasintha, ofika koyamba azilowa olo ali awiri kapena mmodzi, kulunjika komwe kukumveka mfuti. Ndipo pa sukulu ina ku Uvalde, Texas, mu 2022, pomwe panasonkhana apolisi 376 koma panadutsa maminitsi 77 asanalowe m'kalasi momwe munali wowomberayo, dziko lonse linawadzudzula chifukwa apo ndi pomwe panafunika kulowa. Nde musandimve molakwa ngati ndikuti kulowa mwachangu kulibe. Kulipo, kungoti amene akulowayo amadziwa kuti akugula moyo wa anthu ena ndi mwayi waukulu woti iye avulala, si zoti walowa chifukwa ndi dolo.

Ku nkhondo nakonso zinasintha. Njira ija yothamangira m'chipinda anthu anayi mondondozana, woyamba kumanzere wachiwiri kumanja aliyense kukagwira kona yake, inapangidwira kupulumutsa anthu ogwidwa chikole, ndipo inakula pambuyo pa zomwe zinachitika ku Munich mu 1972 zigawenga zitagwira ndi kupha osewera a ku Israel pa masewera a Olympics, pomwe mayiko anayamba kupanga magulu ngati GSG 9 ku Germany ndi GIGN ku France. Asilikali wamba ataitengera ku Iraq anapeza kuti mdani wa kumeneko sakudzidzimuka, akudikira, waunjika matumba a mchenga kumapeto kwa kolido, mfuti yaikulu yaloza pakhomo, ndipo sakusamala zoti afa. Ku Fallujah kumapeto kwa 2004 asilikali a America 95 anafa ndipo opitirira 500 anavulala, ambiri m'nyumba momwemo, pamasitepe ndi m'makhomo. Mapeto ake akadziwa kuti m'nyumba umu muli adani ankabwerera m'mbuyo n'kuitana akasinja, ma roketi kapena buludoza kuti igwetse nyumbayo. Ndipo si nzeru yatsopano, asilikali a Canada ku Ortona, Italy, mu December 1943 ankaboola makoma kuchoka nyumba ina kulowa ina kuti asadutse pakhomo kapena mumsewu. Masiku ano matimu ambiri amaphunzitsa kuti uyambe waona gawo lalikulu la chipinda uli kunja, ukusuntha pang'onopang'ono mozungulira khomo, kachigawo kachigawo, n'kulowa pokhapokha kwatsala makona awiri a pafupi ndi chitseko omwe sungawaone uli panja. Aphunzitsi amakanganabe mpaka lero kuti njira yabwino ndi iti, ine ndili mbali ya opita pang'onopang'ono pokhapokha ngati mkati mukufa anthu, koma ndili ndi anzanga odziwa ntchito omwe timatsutsana mpaka kukwezerana mawu.

Tsopano za nthawi ndi chisokonezo, ndikufuna ndikhalitse pa chitsanzo chimodzi chifukwa ndi chomwe aliyense pa ntchitoyi amachitchula ngati chopambana. London, 5 May 1980, ofesi ya kazembe wa Iran ku Princes Gate. Zigawenga zisanu ndi chimodzi zinali zitagwira anthu 26 kuyambira pa 30 April, ena anamasulidwa m'masiku amenewo, kenako zinapha mmodzi n'kutaya mtembo panja, boma n'kupereka chilolezo kwa SAS, asilikali apadera a Britain. Anthu amenewa anali ndi masiku angapo okonzekera, anaphunzira mapulani a nyumbayo, anali ataphunzira ntchitoyi zaka ndi zaka ku likulu lawo ku Hereford ndi zipolopolo zenizeni, ndipo analowa oposa 30, kuchokera padenga, kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi. Zinatenga maminitsi 17. Koma tamvani zomwe zinachitika m'maminitsi amenewo. Mtsogoleri wa omwe ankatsika ndi zingwe kumbuyo anakodwa chingwe chake n'kungolendewera pakhoma. Wina anaswa windo ndi phazi mwangozi nthawi isanakwane, mkulu wa zigawenga n'kumva phokosolo. Omwe anali pansi sakanathanso kuphulitsa bomba lawo lotsegulira chifukwa mnzawo akulendewera pamwamba pawo, nde anachita kuswa ndi mahamala. Makatani anagwira moto, motowo n'kuyamba kumuwotcha miyendo wolendewera uja mpaka anzake anadula chingwe, anagwera pakhonde, n'kudzuka kupitiriza ntchito. Munthu mmodzi wogwidwa chikole anaphedwa ndi zigawengazo mkati mwa maminitsi omwewo, 19 anapulumuka, nyumbayo inapsa kwambiri. Imeneyo ndiye ntchito yomwe timati inayenda bwino kwambiri. Mukaiyerekeza ndi ya m'filimu, pomwe chitseko chilichonse chimatseguka ndi kiki imodzi ndipo palibe yemwe amapunthwa pa chidole cha mwana, muona nokha.

Ku Abbottabad, Pakistan, mu May 2011, ma SEAL, asilikali apadera a America, anali atayeserera pa nyumba yomangidwa mofanana ndi ya Osama bin Laden, koma helikoputa imodzi inagwa pofika pomwe, pulani yotsikira padenga inatha, anachita kuyambira pansi, ndipo anakhala pamalopo pafupifupi maminitsi 40, gawo lalikulu akutolera makompyuta ndi mapepala komanso kusamala amayi ndi ana omwe anali m'nyumbamo. Ku Mumbai mu November 2008 zigawenga zinayi zokha mu hotela ya Taj zinatengera ma commando a India pafupifupi maola 60. Zinayi zokha. Chifukwa hotela ndi zitseko mahandiredi, ndipo chitseko chilichonse ndi mkulu wa pampando uja.

Apa ndi pomwe nkhani ya ngwazi yolowa yokha imagwera. Munthu ali ndi maso awiri ndipo onse ali kutsogolo. Chipinda chili ndi makona anayi, kolido ili ndi zitseko uku ndi uku, masitepe ali ndi pamwamba pomwe wina angakuwombere pamutu iwe ukuyang'ana kutsogolo. Ukalowa wekha n'kutembenukira kumanzere, msana wako waupereka kwa yemwe ali kumanja. Ndiye palinso ichi chomwe anthu sachiganizira: chipinda chomwe mwachiyeretsa, kutsimikiza kuti mulibe mdani, n'kuchisiya chopanda munthu sichilinso choyera, wina atha kulowamo kudzera khomo lina n'kukutulukirani kumbuyo. Aliyense yemwe mwamupeza, kaya ndi gogo kaya ndi mwana wa sukulu, pafunika wina womuyang'anira. Wina akavulala pafunika awiri omukoka. Nde nyumba wamba ya zipinda zitatu imadya anthu eyiti kapena teni mosavuta, osawerengera ozinga panja. Wapolisi mmodzi atha kukakamizika kulowa yekha, zinachitikapo, zigawenga zitalowa mu holo ya zoimbaimba ya Bataclan ku Paris mu 2015 mkulu wina wa polisi analowa ndi dalaivala wake yekha ndi mapisitolo n'kugwetsa chigawenga chimodzi, koma sanapitirire kukayeretsa nyumba yonse ayi. Omwe anamaliza ndi apolisi apadera a BRI, gulu lathunthu, akukankha chishango cha matayala cholemera pafupifupi makilo 80 m'kakolido kopapatiza, ndipo chishangocho chinatuluka ndi mabala a zipolopolo 27. Tangoganizani zipolopolo 27 zimenezo pakanakhala palibe chishango, pali akita wathu uja wa T-shirt.

Za makoma. M'filimu munthu amagwetsa tebulo n'kubisala kuseri, kapena kuseri kwa sofa, kapena chitseko cha galimoto, zipolopolo n'kumangothetheka. Pa ntchitoyi timasiyanitsa chinthu chokubisa ndi chinthu chokuteteza, ndipo m'nyumba zambiri zomwe zilimo ndi zokubisa chabe. Sofa ndi siponji ndi nsalu. Chitseko cha mkati ndi timatabwa tiwiri topyapyala. Makoma a mabodi aja omwe ali m'nyumba zambiri za ku America, chipolopolo cha pisitolo wamba chimaboola angapo n'kupitirira. Khoma la njerwa kapena konkire limathandiza, koma nalonso limabweza zipolopolo n'kumayenda motsatira khomalo, n'chifukwa chake sitilola munthu kukhuza phewa kukhoma mu kolido ngati mmene amachitira m'mafilimu. Ndipo izi zimagwira mbali zonse, chipolopolo chako chomwe waphonya sichisowa, chikupita kwinakwake. Ku Louisville, America, mu March 2020, usiku womwe mayi wina dzina lake Breonna Taylor anaphedwa ndi apolisi m'nyumba mwake, apolisi anawombera zipolopolo 32 ndipo zina zinakalowa mu flat ya oyandikana nawo momwe munali mayi woyembekezera ndi mwana. Filimu siikuonetsani neba.

Phokoso ndiye bodza lomwe limandinyansa kuposa onse, mwina chifukwa khutu langa lakumanzere limalira mpaka pano. Mfuti yaikulu ikalira imafika ma decibel (muyezo wa phokoso) 160 kapena kuposa, pomwe 140 yokha ndi yokwanira kuwononga khutu nthawi yomweyo, ndiye muiwombere m'chipinda chotseka momwe phokoso likugunda makoma n'kubwerera. Mumalimva m'mano, m'chifuwa, fumbi limagwa kudenga, alamu ya utsi ikulira, galu akukuwa, mayi akukuwa, ana akulira. Wopanda zoteteza makutu akawombera katatu m'bafa samvanso zonong'ona kwa nthawi ndithu, koma m'filimu atha magazini awiri kenako akunong'onezana mapulani ndipo akumva phazi la mdani pamwamba. Matimu enieni amavala mahedifoni omwe amatseka phokoso lalikulu n'kukweza mawu ang'onoang'ono, popanda amenewo ndi kukuwirana basi. Silencer, kachipangizo kochepetsa phokoso la mfuti, nayo siichita kuti "pfyuu" ngati mmene mumamvera. Imachotsa ma decibel 20 mpaka 35, kutanthauza kuti mfuti yaikulu imakhalabe pa 130 ndi kuposa, nyumba yonse imva ndithu, phindu lake n'loti makutu a anzako apulumuke ndipo moto wa kukamwa kwa mfuti uchepe.

Flashbang m'filimu imagoneka chipinda chonse kwa miniti yathunthu. Yeniyeni imaphulika ndi kuwala koopsa ndi phokoso la ma decibel pafupifupi 170, imasokoneza munthu masekondi ochepa chabe, mwina asanu, ndipo yemwe anayang'ana kumbali kapena amaiyembekezera atha kuwomberabe pakhomo ali chitsinzinire, paja sakufunika kuona, akudziwa pomwe pali khomo. Komanso si chidole, imayatsa moto monga zinachitikira ku London kuja, ndipo ku Georgia, America, mu 2014 ina inagwera pomwe panagona mwana wa miyezi 19 n'kumuvulaza koopsa.

Za kuwombera, ndidutsapo mwachangu. Kafukufuku wa bungwe la RAND wa mu 2008 pa apolisi a New York anapeza kuti pomwe akuwomberana ndi munthu, zipolopolo 18 zokha pa 100 ndi zomwe zinkapeza munthuyo. Mtima ukugunda ngati ng'oma, manja akunjenjemera, kuli mdima, munthuyo akuyenda. Magazini ya mfuti ngati M4 kapena AK imanyamula 30, ukakanikiza osasiya yatha m'masekondi atatu, nde akatswiri ambiri amawombera chimodzichimodzi mofulumira, osati kupopera ngati akuthirira maluwa. Ndipo wowomberedwa sauluka kukagunda khoma, chipolopolo chikanakhala ndi mphamvu imeneyo wowomberayo nayenso bwenzi akugwa chagada. Nthawi zambiri sagwanso pompo. Ku Miami mu April 1986 chigawenga china chinalandira bala lakupha kumayambiriro kwenikweni kwa kuwomberana ndi FBI, koma chinapitiriza kumenya nkhondo mpaka kupha ma agent awiri. M'filimu mdani wamba amafa ndi chipolopolo chimodzi cha paphewa, ngwazi ikalandira chomwecho imangomanga kansalu, pomwe paphewa pamadutsa mtsempha waukulu ndi minyewa yoyendetsa mkono wonse.

Pali tina tomwe timachitika chifukwa cha kamera basi, ndipo ine sindikwiya nato. Pisitolo yoimika pafupi ndi tsaya, kuti nkhope ndi mfuti zilowe mu chithunzi chimodzi. Mkulu wa timu wopanda helemeti ndi magalasi pomwe anzake onse avala, kuti mumuzindikire. Kukoka mfuti kuti "tchaka" ali kale pakhomo la mdani, kusonyeza kuti nthawi yonseyi amayenda ndi mfuti yopanda chipolopolo chokonzeka kuwombera, kapena wangotaya chabwinobwino pansi. Ma laser ofiira oyendayenda mu utsi, omwe akungomuuza mdani kuti tili pano. Tochi yoyaka nthawi yonse. Zizindikiro za manja zotalika ngati akumasulira nkhani pa TV, pomwe zenizeni ndi zochepa kwambiri, kufinya phewa kapena ntchafu ya yemwe ali kutsogolo kuti ndakonzeka, kugwedeza mfuti, basi, chifukwa maso ako akuyenera kukhala komwe kungachokere imfa osati pa zala za mnzako. Magalasi oonera usiku nawo, wamba aja amakuonetsa madigiri 40 okha, ngati ukusuzumira mu paipi, kukwera nawo masitepe utasenza makilo 25 a zida ndi ntchito payokha, anthu amagwa ndithu.

Mukafuna kudziwa ngati filimu inali ndi mlangizi wabwino ndipo dayilekita anamumvera, musamayang'ane akita wamkulu. Muziyang'ana wachiwiri pamzere. Woyamba akalowa kumanzere, kodi wachiwiriyo walowa nthawi yomweyo n'kutembenukira kumanja, kapena watsalira masitepe awiri n'kumayang'ana komwe mnzake akuyang'ana? Muziyang'ana womaliza ngati akuyang'ana kumbuyo. Muziona ngati pali yemwe waima pakati pa khomo n'kumalankhula. Muziona ngati akudutsa chitseko chotseguka popanda wina kuchilozetsa mfuti. Ndipo muziwerenga kuti ndi kangati mfuti ya wina yaloza msana wa mnzake, pa kosi yanga kamodzi kokha ndi chenjezo, kachiwiri ukukapumira panja. Alipo mafilimu ndi ma series angapo omwe amakhoza zonsezi kwa miniti imodzi kapena iwiri, ndipo ndikaona choncho ndimabwezera m'mbuyo kuti ndionerenso, ndimasangalala ngati mwana. Kenako nkhani imafuna kuti ngwazi itsale yokha, nde timu yonse imafa mopusa m'masekondi khumi kuti iye apitirize.

Gawo lomwe sindinalionepo likuchitidwa mokwanira ndi la pambuyo pake. M'filimu mfuti yomaliza ikalira wina amakuwa kuti "clear", nyimbo n'kuyamba, wopulumutsidwa n'kukumbatira ngwazi. Zenizeni ndi zoti mukuyambiranso nyumba yonse kachiwiri, pang'onopang'ono, kutsegula kabati iliyonse, pansi pa bedi, kudenga, kuseri kwa firiji, chifukwa anthu amabisala m'malo oti simungakhulupirire, ine pa maphunziro ndinabisapo munthu wamkulu bwinobwino m'kabati ya pansi pa sinki ndipo matimu atatu anamudutsa. Wina akumanga mnzake lamba pantchafu kuti magazi asiye, wina akuwerenga anthu, wina akusanza pakona chifukwa thupi likutsitsa mantha. Ndipo opulumutsidwawo sakumbatiridwa, amagwiridwa mwankhanza ndithu, kukankhidwa, kugonekedwa pansi n'kumangidwa manja onse, chifukwa simukudziwa kuti ndani ndi ndani. Ku London kuja anthu ankaponyerana ogwidwawo pamasitepe kuchoka kwa msilikali uyu kupita kwa uyo, ndipo pakati pawo panali chigawenga chitafumbata grenade, anachizindikira n'kuchiwombera pamasitepe pomwepo. Ena onse anawagoneka pa kapinga kumbuyo kwa nyumbayo atamangidwa, akulira, ena akutsokomola utsi, ndipo pakati pawo panagonanso chigawenga chachisanu ndi chimodzi chikunamizira kuti nacho ndi wogwidwa, mpaka mmodzi mwa opulumukawo anachiloza. Chinakagamulidwa kukhala kundende moyo wonse, n'kudzatuluka mu 2008.